Funsani za Maso: Nyali za Usiku, Mphaka ndi Kadontho Koyera

Ndimayendetsa kabaza wa njinga yamoto pakati pa Luwinga ndi m'tauni. Usiku galimoto ikandiwalira, ndimakhala kanthawi osaona kalikonse, pomwe mphaka wodutsa pamsewu maso ake amangonyezimira. Kodi maso anga ayamba kufa? — Wakabaza, Zolozolo

Achimwene, zimenezi zimachitika m'diso lililonse labwinobwino. Kumbuyo kwa diso kuli kachikopa kopyapyala kotchedwa retina, komwe kuwala kumafikira. M'menemo muli maselo a mitundu iwiri. Ma cone, omwe alipo pafupifupi 6 miliyoni, amagwira ntchito kukawala ndipo ndiwo amatiuza kuti ichi n'chofiira, icho n'chobiriwira. Ma rod, omwe amapitirira 90 miliyoni, ndi a usiku. Amamva kuwala kochepa kwambiri koma sasiyanitsa mitundu, n'chifukwa chake mumdima malaya onse amaoneka otuwa.

Mu rod iliyonse muli mankhwala achibadwa otchedwa rhodopsin, amene thupi limapanga kuchokera ku vitamini A. Kuwala kukawagunda amasweka, ndipo kuswekako ndiko kumayambitsa uthenga wopita ku ubongo. George Wald wa ku yunivesite ya Harvard ku America, amene anafufuza zimenezi, analandira mphoto ya Nobel mu 1967. Nyali yamphamvu imaswa rhodopsin wambiri nthawi imodzi, ndiye diso limayamba ladikira kuti wina apangidwe. Ngati nyaliyo yangodutsa, pamapita masekondi angapo. Koma munthu wochokera powala kwambiri amafunika mphindi 20 mpaka 30 kuti azolowere mdima kotheratu.

Choncho musayang'ane nyali ikubwerayo. Ponyani maso m'mphepete mwa msewu kumanzere kwanu ndipo chepetsani liwiro. Galasi la chipewa likhale loyera, chifukwa fumbi ndi mikwingwirima zimamwaza kuwala. Magalasi akuda si a usiku. Mukamadikira makasitomala pa siteji, chepetsani kuwala kwa foni. Chotidetsa nkhawa chingakhale ngati nyali zayamba kuoneka zozunguliridwa ndi chifunga ngakhale kunja kulibe chifunga, kapena ngati masananso simukuona bwino. Pamenepo kapimitseni, mwina ndi ng'ala ikuyamba kapena mukufunika magalasi.

Mphaka uja ali ndi chimene ife tilibe. Kuseri kwa retina yake kuli kachikopa konyezimira kotchedwa tapetum lucidum, kamene kamabweza kuwala kuti kudutsenso pa ma rod kachiwiri. Kunyezimira mumaonako ndi nyali yanu yomwe ikubwerera. Kuwala kumene munthu amafuna kuti aone, mphaka amangofunapo gawo limodzi mwa magawo 6, ngakhale kuti masana saona zinthu zing'onozing'ono bwino ngati ife. Galu, mbuzi, ng'ombe ndi fisi ali nako kachikopako, nkhumba ilibe. Nkhuku nayo ilibe, ndipo retina yake yadzaza ma cone, ndiye musadabwe ikamathamangira m'khola dzuwa likangopendeka.

Mwana wanga wa zaka 4 masana amasewera bwino, koma kukangoda amapunthwa, mbale ya ndiwo amachita kufufuza ndi dzanja. Anadwala chikuku miyezi yapitayi. — Mayi, Chibavi

Amayi, chikuku ndi kutsegula m'mimba zimatha vitamini A m'thupi, ndipo vitaminiyu akachepa, oyamba kuvutika ndi ma rod aja. Kusaona kukada ndicho chizindikiro choyamba. Kukalekereredwa, diso limauma, mbali yoyera imatuluka timawanga tooneka ngati thovu, kenako galasi la kutsogolo kwa diso limachita zilonda. Likafika pamenepo, kuona kumene kwatayika sikubwereranso.

Pitani naye kuchipatala sabata ino, ndipo mukatchule za chikukucho. Mwana wopitirira chaka chimodzi amene ali ndi zizindikiro amapatsidwa kapisozi ya vitamini A ya 200,000 IU (IU ndi muyezo wa mlingo wa vitamini) tsiku loyamba, ina tsiku lachiwiri, yachitatu pakatha masabata awiri. Ngati vuto ndi vitamini, amayamba kuona usiku pakangopita tsiku limodzi kapena awiri. Akapanda kusintha, akamuone a maso, chifukwa pali matenda ena a retina akumtundu omwe vitamini sachiza. Mlingo umenewu ndi wosiyana ndi wa kusikelo woteteza, womwe ndi 100,000 IU kwa wa miyezi 6 mpaka 11, ndi 200,000 IU miyezi 6 iliyonse kwa wa chaka chimodzi mpaka zaka 5. Mayi woyembekezera asamwe makapisozi amenewa, angapweteke mwana m'mimba.

Pakhomo muzimudyetsa zakudya zopatsa vitamini A: chiwindi, mazira, mbatata yachikasu mkati, maungu, mango, papaya, bonongwe ndi nkhwani. Masambawo muthire kamafuta kapena nsinjiro, poti vitamini A salowa bwino m'thupi popanda mafuta.

Mwana wathu ali ndi masabata 5. Pa mwanadiso wa kumanja pali kadontho koyera. Agogo ake akuti ndi ng'ala, tidikire ikhwime, iwonso anachitidwa opaleshoni atakalamba ndipo akuona. Tidikire? — Bambo, Mchengautuwa

Ayi bambo, musadikire ngakhale sabata imodzi. Agogo akunena zoona pa za iwo eni, koma diso la khanda ndi nkhani ina, ndipo chifukwa chake chili mu ubongo.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, David Hubel ndi Torsten Wiesel, nawonso ku Harvard, anatseka chikope chimodzi cha ana amphaka ongobadwa. Patapita miyezi anatsegula. Disolo linali lamoyo, retina ikugwira ntchito, koma mphakayo samaona nalo. Atayeza maselo a kumbuyo kwa ubongo, komwe uthenga wa maso umafikira, anapeza kuti pafupifupi onse akumvera diso limene linali lotsegula. Malo a diso lotsekedwa anali atalandidwa. Atachita zomwezo pa mphaka wamkulu, panalibe chinaonongeka. Pa mphaka, nyengo yoopsayi imayamba cha m'sabata yachinayi ndipo imatha cha pa miyezi itatu. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 1981, ndipo kafukufuku wawo ndiye anachititsa madokotala kusiya kudikira ana obadwa ndi ng'ala kuti akule kaye.

Mwana sabadwa akudziwa kuona, ubongo umachita kuphunzira. Agogo ubongo wawo unaphunzira kalekale, ndiye ng'ala itachotsedwa anangopitiriza. Wakhanda akakhala ndi ng'ala yotseka diso limodzi, madokotala amafuna achitidwe opaleshoni ali ndi masabata 6 kapena chapafupi pomwepo. Ikakhala m'maso onse awiri, asanapitirire masabata 8 mpaka 10. Akachedwa, ng'ala imachoka ndithu, diso n'kuoneka loyera bwino, koma mwana osaona nalo mokwanira moyo wake wonse. (Ngakhalenso za achikulire, zoti ng'ala iyambe yakhwima ndi zakale. Masiku ano imachotsedwa ikangoyamba kusokoneza ntchito za munthu.)

Pali chifukwa chachiwiri, ndipo n'chachikulu. Si kadontho koyera kalikonse kamene ndi ng'ala. Kena ndi retinoblastoma, khansa ya retina imene imagwira makamaka ana osakwana zaka 5. Ikapezeka idakali m'diso imachizika. Ikatuluka n'kufalikira imapha. Ndi maso chabe inu simungasiyanitse ziwirizi.

Mawa m'mawa tengani mwana ndi kabuku kake ka kuchipatala, yambirani pachipatala chapafupi, nenani mawu akuti "mwanadiso woyera" ndipo pemphani kalata yopitira ku gawo la maso pa Mzuzu Central Hospital. Kumeneko amaunika m'diso ndi kanyali m'chipinda chamdima: diso labwino limabweza kuwala kofiira, lodwala limaoneka loyera kapena lakuda. Amathiranso mankhwala okulitsa mwanadiso kuti aone mpaka kumbuyo. Konzekerani kuti akhoza kukutumizani ku Lions Sight First Eye Hospital ku Blantyre, komwe kuli akatswiri a maso a ana. Ngati mayi ake anatuluka tizilonda ndi kutentha thupi ali ndi pakati pang'ono, mukanene, chifukwa rubella, matenda ofanana ndi chikuku, ndi imodzi mwa zoyambitsa ng'ala yobadwa nayo, ndipo imakhudzanso makutu ndi mtima.

Opaleshoni si mapeto, ndipo apa ndi pomwe mabanja ambiri amagwera ulesi. Mwana amafunika magalasi, ndipo diso labwino limaphimbidwa maola angapo tsiku lililonse, monga adokotala angakuuzireni, kuti ubongo ukakamizike kugwiritsa ntchito lofookalo. Mwana amalira, amachotsa chophimbacho, achibale amati mukumuzunza. Pitirizani. Padakali pano musathire m'diso mkaka wa m'mawere, shuga, madzi a masamba kapena mankhwala otsala a munthu wina.

Chifukwa chiyani mwanadiso wa mbuzi ndi wopingasa, pomwe wa mphaka ndi woimirira? — Mwana wa sukulu, Katoto

Mu 2015 gulu la Martin Banks wa ku University of California, Berkeley, linayerekeza mitundu 214 ya nyama zapamtunda. Linapeza kuti zodya msipu, zomwe zimasakidwa, zambiri zili ndi mwanadiso wopingasa ndi maso a m'mbali mwa mutu. Wopingasayo amalowetsa kuwala kochokera kutsogolo, m'mbali ndi kumbuyo, n'kuchepetsa kwa dzuwa kochokera kumwamba, ndiye mbuzi imaona msanga chilombo chokwawira pansi. Woimirira amapezeka kwambiri pa nyama zazifupi zobisalira, ngati mphaka, ndipo amathandiza kuyeza mtunda wodumphira. Mkango, poti ndi wamtali, wake ndi wozungulira. Mukapeza mbuzi ikudya, iyang'anitsitseni: ikaweramitsa mutu, maso amatembenuka mpaka madigiri 50 kapena kupitirira, kuti mwanadiso akhalebe wopingasa molingana ndi nthaka.