Musachotse ring beam pofuna kupulumutsa ndalama

Bambo, mwafunsa ngati mungatsatire maganizo a mmisiri wanu oti pa nyumba yomwe mukumanga ku Karonga muike lintala (timabimu tifupitifupi tonyamula njerwa) pamwamba pa zitseko ndi mawindo pokha, m'malo mothira ring beam, yomwe ndi bimu ya konkire ndi zitsulo yozungulira nyumba yonse pamwamba pa makoma. Ine ndikukulangizani kuti musavomere, ngakhale simenti ndi zitsulo zakwera mtengo.

Njerwa ndi konkire zimapirira katundu wozipsinja, koma zikakokedwa zimang'aluka msanga, moti mphamvu ya konkire pokokedwa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu yake popsinjidwa. Nyumba ikanakhala yongosenza denga lokha, njerwa zikanakwanira. Koma mphepo imakankha khoma cham'mbali n'kumanyamula malata, dothi lamakande limafufuma m'dzinja n'kuchita ming'alu m'chilimwe, ndipo kwanuko zivomerezi za mu Disembala 2009 zinagwetsa nyumba zambiri. Nthaka ikagwedezeka, makoma osalumikizana pamwamba amalekana m'ngodya, lililonse n'kugwa palokha, pomwe ring beam imawamanga onse pamodzi ngati lamba.

Chomwe ndikufuna muyang'anitsitse ndi malo a zitsulo, chifukwa apa ndi pomwe ntchito zambiri zimaonongekera mwininyumba osadziwa. Pa nyumba wamba yosasanja, amisiri amaika zitsulo zinayi za Y12 (zokhuthala mamilimita 12), ziwiri pansi ndi ziwiri pamwamba, zomangidwa ndi maringi a R6 (zitsulo zosalala zokhuthala mamilimita 6) otalikirana pafupifupi masentimita 20. Pamwamba pa windo bimu imawerama pakati, choncho mbali yapansi ndiyo imakokedwa, ndipo zitsulo zapansizo ndizo zimaletsa mng'alu. Zisadukire pangodya: zipindidwe n'kulowa m'khoma linalo, ndipo polumikiza ziwiri zipitirirane masentimita osachepera 50. Konkire azikute ndi masentimita awiri ndi theka mbali zonse, apo ayi chinyezi chidzazichititsa dzimbiri, dzimbirilo n'kutukumula konkire mpaka kumuswa.

Mawaya omangira mitengo ya denga alowetsedwe mu bimuyo asanathire konkire, kuti mphepo ikafuna kusasula malata ilimbane ndi kulemera kwa khoma lonse. Mukathira, muzithirira madzi kwa masiku osachepera asanu ndi awiri, podziwa kuti konkire amafika pa mphamvu yomwe amayembekezeredwa pakatha masiku 28.

Ngati ndalama zachepa, yambani mwasiya pulasitala, siling'i ndi penti, zomwe mungadzachite chaka chamawa muli m'nyumbamo. Ndipo ngati mukuganiza zodzasanja pamwamba, muonane ndi injiniya tsopano, chifukwa miyezo ndatchulayi sikwanira pa nyumba yosanja.