Khadi lolembedwa 170MB/s koma vidiyo ikuima yokha: mugule liti?

Mnyamata wina wa ku Zomba, amene wayamba kumene kujambula pa zinkhoswe ndi maukwati, wanditumizira imelo. Ali ndi kamera ya Canon EOS 250D. Akuti akayamba kujambula vidiyo ya 4K (yooneka bwino kwambiri, ya mafayilo akuluakulu), kamera imaima yokha pakangotha masekondi ochepa. Akajambula zithunzi zotsatizana, kanyale kofiira kamaphethira kwa nthawi yaitali ndipo kamera imakana kujambulanso mpaka kazime. Memori khadi lake ndi la 128GB, analigula pamsika pamtengo wozizira, ndipo pamwamba pake palembedwa 170MB/s. Akufunsa ngati afunefune la nambala yoposa pamenepo, komanso ngati pali kampani imene angaidalire.

Achimwene, nambala imeneyo isiyeni kaye. Ndi imene ogulitsa amakulozerani ndi chala chifukwa ndi yaikulu, koma imanena za liwiro lowerengera, kutanthauza pamene mukukopera zithunzi kuchoka m'khadi kupita mu kompyuta. Kamera ikamajambula sikuwerenga, ikulemba, ndipo liwiro lolembera limakhala lotsika, nthawi zina kutsika kwambiri. Makampani ambiri salilemba pamwamba pa khadi. Chimene amaika ndi tizizindikiro ting'onoting'ono timene ambiri sitimatiyang'ana n'komwe.

Tengani khadi lanu muliyang'anitsitse. Muona chilembo C chokhala ndi 10 mkati, chilembo U chokhala ndi 1 kapena 3 mkati, ndipo pa makhadi a masiku ano pamakhalanso V yotsatana ndi nambala: V10, V30, V60 kapena V90. Zizindikirozi zimachokera ku SD Association, bungwe limene Panasonic, SanDisk ndi Toshiba anakhazikitsa mu 2000, ndipo zimalonjeza liwiro limene khadi silidzatsikapo polemba. C10, U1 ndi V10 zonse zikunena 10MB pa sekondi. U3 ndi V30 zikunena 30MB pa sekondi. V60 ndi V90 mwaona kale mmene zikuyendera. Mukaona A1 kapena A2, zimenezo ndi za mafoni, kamera ilibe nazo ntchito.

Tsono tiwerengere kamera yanu. Pa 4K, 250D imatulutsa ma megabit pafupifupi 120 pa sekondi. Apa ambiri amasokonezeka chifukwa kamera imayeza mu ma megabit pamene khadi limayeza mu ma megabyte. Gawani ndi 8, mupeza 15MB pa sekondi. Khadi la U1 linangolonjeza 10. Likhoza kupirira kwa kanthawi, kenako n'kutsalira, kamera n'kuimitsa kujambula mkwati ali pakati polumbira. N'chifukwa chake a Canon eni ake analemba m'buku la kamerayi kuti 4K imafuna U3. Ndiye yankho lalifupi la funso lanu loyamba ndi lakuti mugule khadi lolembedwa U3 ndi V30.

Nkhani ya zithunzi zotsatizana ndi yosiyana pang'ono. Kamera ili ndi kamemori kake mkati, kamene amati buffer, komwe zithunzi zimafikira zisanalowe m'khadi. Zili ngati kuchigayo: chimanga mumakhuthulira pamwamba kamodzi, koma chigayo chimameza pamlingo wake, ndipo pamwamba pakadzadza mumaima ndi thumba m'manja. Kamera yanu imajambula zithunzi 5 pa sekondi, ndipo chithunzi chimodzi cha RAW (fayilo yaikulu yosunga zonse zimene kamera yaona) chimayandikira 30MB. Palibe khadi lolowa mu kamera imeneyi limene lingameze zonsezo nthawi yomweyo, choncho buffer idzadzadza ndithu ngakhale mugule khadi la mtengo wotani. Phindu la khadi labwino ndi lakuti kanyale kofiira kaja kamazima msanga. Pa perekaniperekani, pamene anthu akuvina ndipo simukufuna kuphonya kanthu, sinthirani ku C-RAW, imene ndi RAW yopanikizidwa ya Canon. Mafayilo ake ndi ocheperako ndipo kusiyana kwake simudzakuona pa zithunzi za mu alubamu.

Musapite nazo patali poganiza kuti V90 ndiye ithetsa zonse. Tembenuzani khadi muone kumbuyo. Makhadi a UHS-I ali ndi mzere umodzi wa tizitsulo, ndipo malire ake ndi 104MB pa sekondi. Makhadi a UHS-II, amene ndi omwe amakhala V60 ndi V90, ali ndi mzere wachiwiri ndipo amafika 312MB pa sekondi, koma mkati mwa 250D mulibe mapini okhudza mzere wachiwiriwo. Khadilo ligwira ntchito, inde, koma pa liwiro la UHS-I, ndalama zowonjezerazo mwangotaya. Zisungeni mugulire batire lachiwiri. Mwina mwadabwa kuti nanga 170 ija ikuchokera kuti ngati malire ndi 104. Makampani ena ali ndi njira yawoyawo yodutsitsira malirewo, koma imagwira pokhapokha mukagwiritsa ntchito card reader (kachipangizo kolumikizira khadi ku kompyuta) yogwirizana ndi njirayo. Mu kamera nambala imeneyo simudzaiona.

Koma chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanu si liwiro ayi, ndi mawu akuti mtengo wozizira. Makhadi amene amalembedwa 170MB/s kawirikawiri amakhalanso V30, ndiye ngati lanu lilinso ndi V30 koma likulephera 15MB pa sekondi, ndikukayika ngati lili lenileni.

Makhadi a feki adzadza paliponse, m'misika yathu komanso pa intaneti, ndipo opanga ake anachenjera. Pepala la pamwamba amalisindikiza bwino, paketi imaoneka ngati ya kusitolo. Ena amakhala aulesi chabe polemba. Ena ndi oopsa kuposa apo. Mkati amaika memori ya 8GB kapena 16GB, n'kusintha kachipangizo kolamulira khadi kuti kaziuza kamera ndi kompyuta kuti muli 128GB. Mukaliika mu laputopu, imakuonetsani 128GB bwinobwino. Masiku oyamba mumajambula pang'onopang'ono, zonse zili bwino, mpaka mumayamba kulitamanda kwa anzanu. Tsiku la ukwati mumadutsa malo enieni aja. Kamera sidandaula, imapitiriza kuwerenga manambala a zithunzi, koma zatsopanozo zikupita kopanda kanthu kapena zikulembedwa pamwamba pa za m'mawa. Madzulo mukatsegula, mayina a mafayilo alipo onse, koma theka sakutseguka. Zimene sizinalembedwe n'komwe palibe pulogalamu imene ingazibweze, ndipo ankhoswe sadzamva za ma gigabyte.

Njira yodziwira si kuyang'ana paketi. Pali kapulogalamu kaulere ka pa Windows kotchedwa H2testw, ndipo a Mac ndi Linux ali ndi F3. Kamadzadza khadi lonse ndi mafayilo oyesera kuyambira koyamba mpaka kumapeto, kenako n'kuwawerenganso kuti kaone ngati abwera mmene anapitira. Kakatha kamakuuzani malo enieni amene ali m'khadi, komanso liwiro limene linalembera. Koperani kaye zithunzi zanu kwina, khadi likhale lopanda kanthu. Pa 128GB zimatenga ola kapena kuposa, choncho yambani laputopu itadzadza moto kuti magetsi akathima musayambirenso. Gwiritsani ntchito card reader ya USB 3.0, imene kawirikawiri imakhala ya buluu mkati, chifukwa ya USB 2.0 siipitirira 40MB pa sekondi ndipo ingakunamizeni kuti khadi labwino ndi laulesi. Khadi lililonse latsopano, ngakhale logula m'sitolo yooneka bwanji, lidutse kaye pamenepa lisanapite ku ukwati wa munthu.

Za makampani sindichulutsa. SanDisk Extreme ndi Extreme Pro, Lexar Professional, Kingston Canvas Go! Plus ndi Samsung PRO Plus onse ali ndi makhadi a V30 amene angakwanire kamera yanu. SanDisk Ultra, imene imapezeka kwambiri, ndi ya gulu lotsikirapo, ndi yabwino pa zithunzi za JPEG ndi vidiyo ya Full HD koma osati 4K. Ine ndimaona kuti kumene mwagula n'kofunika kuposa dzina la pakhadi, chifukwa dzina likatchuka ndi limenenso akuba amalikopera kwambiri. Gulani pamalo pamene akupatseni risiti ndipo avomera kuti mukabweza likalephera mayeso. Ngati muli ndi m'bale ku Johannesburg kapena ku London, mutumeni ku sitolo ya makamera yeniyeni, asangodina chotchipa chilichonse pa intaneti. Mtengo ukakhala theka la umene ena onse akugulitsa, mwadziwa kale chimene chili mkatimo.

Pa kukula, ndingakulangizeni awiri kapena atatu a 64GB m'malo mwa limodzi lalikulu. Makamera okwera mtengo amakhala ndi malo awiri a makhadi ndipo amalemba chithunzi chilichonse konsekonse, koma 250D ili ndi malo amodzi. Chitetezo chanu ndi kugawa tsiku: kutchalitchi khadi lina, kuholo lina. Limodzi likavuta, simunataye ukwati wonse. Khadi la 64GB limasunga zithunzi za RAW pafupifupi 2,000, kapena 4K ya ola limodzi ndi mphindi zochepa, ndiye silichepa. Ochepera apo, a 4GB mpaka 32GB, ndi a gulu la SDHC ndipo amagwiritsa ntchito FAT32, njira yosungira mafayilo imene silola fayilo imodzi kupitirira 4GB, choncho vidiyo yaitali imadulidwa zidutswa. A 64GB kupita m'mwamba ndi SDXC, amagwiritsa ntchito njira ina yotchedwa exFAT, ndipo vutoli alibe. Apa ndikuuzeninso kuti kamera yanu idzaimabe yokha ikafika mphindi 29 ndi masekondi 59. Amenewo ndi malire a kamerayo, musadzaimbe mlandu khadi abusa akatalikitsa ulaliki.

Tima microSD ta m'foni tolowetsa mu adaputa timagwira ntchito, koma adaputa ndi kapulasitiki kopyapyala kamene kamakhwepa, ndipo kakangosuntha pang'ono kamera imati mulibe khadi. Pa ntchito yolipidwa gulani SD lalikulu. Ndipo likhale la kamera basi, osati lero lili mu kamera, mawa mnzanu waikamo nyimbo, mkuja lapita kokasindikiza zithunzi pa kompyuta yodzadza mavairasi. Mukapita kosindikiza, tengani fulashi.

Mukakopera zithunzi m'malo awiri, mwachitsanzo laputopu ndi hard drive yapadera, fomatani khadi (kutanthauza kufufuta zonse n'kulikonzanso ngati latsopano) mu kamera momwemo, osati pa kompyuta. Musalitulutse kapena kuchotsa batire kanyale kofiira kakuphethira, ndipo batire likatsala pang'ono kutha lisintheni musanayambe vidiyo yaitali, chifukwa kamera ikazima pakati polemba fayilo imawonongeka. Kamera ikanena kuti khadi latsekedwa, onani kabatani ka m'mbali kolembedwa Lock, kamatsetsereka kokha polowetsa. Mukafufuta kapena kufomata molakwitsa, litulutseni pompo, musajambulenso ngakhale chithunzi chimodzi. Pa khadi lenileni, mapulogalamu aulere monga PhotoRec amabweza zambiri malinga ngati simunalembepo zina pamwamba. Chenjezo limodzi: pofomata, Canon imakupatsani kabokosi kolembedwa Low level format, ndipo mukachonga pamenepo zithunzi zapita ndithu.

Khadi lanu la 128GB liyeseni usiku uno ndi H2testw. Likapezeka kuti malo ndi okwanira koma likulemba pansi pa 30MB pa sekondi, lisungeni la JPEG ndi Full HD, ndipo 4K idikire V30 yatsopano. Likaonetsa kuti muli 8GB kapena 16GB yokha, jambulani zotsatirazo pafoni mukaonetse amene anakugulitsani, ndipo akakana kubweza ndalama, liduleni ndi sizasi kuti lisadzalowe mu kamera ya wina.