TV yatsopano, chithunzi chachimbuuzi: kodi mankhwala ake ndi 4K?

Bambo wina wa ku Balaka wanditumizira imelo yayitali, ndipo ndaifupikitsa motere. Banja lawo limakonda kuonera mafilimu madzulo. Mwezi wathawu anachotsa TV yakale ija yotupa kumbuyo, n'kugula yopyapyala ya mainchesi 43 yolembedwa Full HD. M'sitolo inkaonetsa bwino zedi, koma atafika nayo kunyumba chithunzi chikuoneka chachimbuuzi, mwinanso kuposa pa yakale. Amaonera kudzera pa puleya ya DVD, dikoda ndi fulashi, ndipo mpando uli mamita 3 kuchokera pa TV. Mlamu wawo amene ali ku Johannesburg akuti cholakwika n'chakuti sanagule ya 4K, ndipo akuti bamboyu angotumiza ndalama, mlamuyo agula yoyenera komweko n'kuikweza basi. Funso lawo ndi lakuti: agulitse iyi, agule ya 4K?

Achimwene, ndalamazo zisungeni kaye. Malinga ndi zimene mwafotokoza, TV yanu ilibe mlandu. Vuto lili pa zimene mukuipatsa kuti ionetse, ndipo ya 4K mukaipatsa zomwezo ikukhumudwitsani chimodzimodzi.

Chithunzi cha pa TV chimapangidwa ndi timadontho tating'onoting'ono. TV ya Full HD ili ndi timadontho 1920 chopingasa ndi 1080 chotsika, tonse pamodzi 2,073,600. Chimbale cha DVD cha mtundu umene timagwiritsa ntchito kuno chimasunga chithunzi cha 720 ndi 576, amene ndi timadontho 414,720 basi. Mukagawa mupeza kuti TV yanu ikufuna timadontho tochuluka kasanu kuposa timene DVD ikupereka. Ndiye kuti pa timadontho 5 tilitonse timene mukuona, 4 TV ikuchita kupeka yokha poyang'ana toyandikana nato. Zili ngati kuthira madzi m'kapu imodzi ya thobwa kuti idzaze ndowa: ndowayo idzaza ndithu, koma kukoma kwathawa. TV ya 4K ili ndi timadontho 3840 ndi 2160, topitirira 8 miliyoni, ndipo pa DVD yomweyo ingapeke 19 mwa 20 tilitonse. Yakale ija inkaoneka bwino chifukwa inali yaing'ono, komanso inapangidwira chithunzi cha mizere 576 chomwecho, choncho zolakwika zinkabisika. Kusitolo anakuonetsani kanema wokonzedwa mwapadera wotsatsira malonda, osati zimbale zimene zili pashelefu panu.

Musanagule chilichonse, suzumirani kumbuyo kwa TV. Ngati puleya kapena dikoda yalumikizidwa ndi zingwe zitatu zija, chachikasu, choyera ndi chofiira, mwapeza theka la vuto lanu. Chingwe chachikasu sichinganyamule chithunzi cha HD, chija cha timadontho tambiri, ngakhale dikoda itakhala yabwino motani. Chofunika ndi chingwe cha HDMI, chimene chimanyamula chithunzi ndi mawu pamodzi. Chotchipa chamamita 1 kapena 2 chimagwira ntchito mofanana ndi chodula. Wogulitsa akayamba kukuuzani za nsonga zagolide zowalitsa chithunzi, musekereni n'kutenga chotchipacho, chifukwa HDMI imanyamula manambala, ndipo akafika ndiye kuti afika. Chingwe chikakhala choonongeka mudziwa msanga, chithunzi chimathothoka timadontho toyera kapena kuzimazima. Mukalumikiza, lowani m'masetingi a dikoda n'kusankha 1080. Ambiri amaiwala apa, dikoda n'kumatulutsabe 576 kudzera m'chingwe chatsopano. Dziwaninso kuti si matchanelo onse amaulutsa mu HD, ndipo tchanelo chosakhala cha HD chidzaonekabe chofewa. Ngati dikoda yanu ilibe bowo la HDMI, imeneyo ndiyo yoyamba kusintha, osati TV.

Puleya ya DVD yokhala ndi HDMI imayeretsako chithunzi, koma sichisanduka HD. Ndipo apa ndikufunseni, zimbale zanuzo ndi zamtundu wanji? Ngati ndi zija za pamsika za mafilimu 10 pa chimbale chimodzi, palibe TV padziko lapansi ingazikonze. Chimbale wamba cha DVD chimalowa 4.7 GB. Mukagawira mafilimu 10, iliyonse ipeza zosakwana 500 MB. Yerekezani ndi chimbale cha Blu-ray, chimene chimalowa 25 GB kapena 50 GB ndipo nthawi zambiri chimanyamula filimu imodzi yokha. Kuti filimu ikwane m'malo ochepa chonchi amaifinya mpaka zambiri za m'chithunzi n'kutayika, ndiye chifukwa chake mumaona timabokosi pamene pali mdima, utsi kapena anthu akuthamanga. N'chimodzimodzinso mafilimu ambiri omasuliridwa m'Chichewa amene anyamata amaika m'mafulashi. Anawafinya kuti akwane m'foni ndi kuti asachedwe potumizirana, ndipo pafoni amaoneka bwino ndithu. Pa mainchesi 43 chilichonse chimayaluka. Za chilolezo cha eni mafilimuwo ndi nkhani ina, ya a COSOMA, koma ngakhale pa maonekedwe okha, kumeneko si kopezako HD.

Pa fulashi musakhulupirire dzina la fayilo. Munthu aliyense akhoza kulemba 1080p, kutanthauza Full HD, pa dzina. Yang'anani kukula kwake. Filimu ya maola 2 yolembedwa 1080p koma yamamegabaiti 600 idzakhala ndi timadontho tokwanira koma topanda kanthu. Yooneka bwino imadya magigabaiti angapo. Apa pamabuka timavuto tiwiri timene timasokoneza anthu. Fulashi yofomatidwa mu FAT32 imakana fayilo yopitirira 4 GB ngakhale malo alipo ambiri, ndiye muyenera kuifomata mu exFAT kapena NTFS, mutaona kaye m'kabuku ka TV kuti imawerenga iti. Kachiwiri, TV zina zimaonetsa chithunzi koma mawu zii, chifukwa sizimva mawu a mtundu wa DTS, pamene zina zakale zimakaniratu mafayilo a H.265. TV sinafe ayi. Mukalumikiza laputopu ndi HDMI fayilo yomweyo imasewera bwinobwino.

Nanga HD yeniyeni muipeza kuti? Njira zilipo zitatu, ndipo iliyonse ili ndi mtengo wake. Yoyamba ndi dikoda ya HD, imene ndanena kale. Yachiwiri ndi intaneti. Netflix inafika m'Malawi mu 2016, ndipo eni ake amanena kuti 1080p imafuna liwiro la 5 Mbps, pamene 4K imafuna 15 Mbps. Liwiro si vuto lalikulu m'matauni momwe 4G ya Airtel kapena TNM imakoka bwino. Vuto ndi bandulo. HD imatha kudya mpaka 3 GB pa ola, ndipo 4K mpaka 7 GB pa ola. Werengani nokha: filimu imodzi ya maola 2 mu 4K ikhoza kumeza 14 GB. Banja loonera madzulo aliwonse lingafune intaneti yopanda malire, ngati Starlink imene inayamba kugwira ntchito kuno mu 2023, ndipo imeneyo ndi bilu ya mwezi ndi mwezi yoyenera kuiganizira musanaganize za TV ina. Onaninso phukusi limene mwalipira, chifukwa lotchipa silipereka 1080p. Pa YouTube, intaneti ikafooka chithunzi chimatsika chokha mpaka 480 kapena 360 osakuuzani, ndiye muzisankha nokha.

Yachitatu ndi Blu-ray, imene ine ndimaikonda ngakhale ambiri akuiona ngati yachikale. Inatuluka mu 2006, ndipo mpaka lero chimbale cha 1080p chimaoneka bwino kuposa 1080p ya pa intaneti chifukwa sichinafinyidwe kwambiri. Sichidya bandulo, sichiimaima netiweki ikavuta. Chovuta n'chakuti zimbalezi sizipezekapezeka m'masitolo mwathu, ndipo makampani ngati Samsung ndi LG anasiya kupanga mapuleya atsopano. Komabe ogwiritsidwapo kale ntchito alipo, ndipo ngati ana ali ndi PlayStation 3 kapena 4, puleya muli nayo kale m'nyumbamo. Imasewezanso ma DVD anu akale. Chenjerani ndi zigawo zokha. Zimbale za Blu-ray zinagawidwa m'zigawo A, B ndi C, ndipo Africa, Ulaya ndi Australia zili mu B. Za ku South Africa ndi ku Britain zimagwirizana ndi puleya ya B, koma zambiri za ku America ndi za A ndipo zikhoza kukana.

Tibwerere kwa alamu anu ndi 4K yawo. Sakunama kuti 4K ili ndi timadontho tambiri. Funso n'lakuti, kodi maso anu angatione muli pampando wanuwo? Diso la munthu woona bwino limasiya kusiyanitsa timadontho ta 1080p likatalikira pafupifupi katatu msinkhu wa chithunzi. TV ya mainchesi 43 ndi yotalika pafupifupi masentimita 54 kuchoka pansi kufika pamwamba, ndiye malire ake ndi mamita 1.6 kapena kuposerapo pang'ono. Kuti muone ubwino wonse wa 4K pa TV yomweyo muyenera kukhala pa theka la mtunda umenewo, osakwana mita imodzi, ngati mwana amene timamukalipira kuti aononga maso. Inu mumakhala mamita 3. Pamenepo ngakhale Full HD imene muli nayoyo simukuiona yonse. Kukokera mpando kutsogolo ndi mita imodzi kungakupindulitseni kwambiri kuposa TV yatsopano yamsinkhu womwewo, ndipo n'kwaulere. Tsiku lina mukadzafuna yamainchesi 55 kapena 65, mudzapeza kuti pafupifupi zonse ndi za 4K kale, ndipo chimene mudzakhale mukulipira ndi kukula kwake. Palinso HDR, imene imapangitsa kuwala ndi mitundu kuoneka mwamoyo. Imeneyo imaoneka ngakhale muli patali, koma TV zotchipa zambiri zimangolemba dzinalo pabokosi, kuwala kokwanira kuti HDR ioneke zilibe.

Ndionjezepo mawu kwa ena amene akuwerenga ali paulendo wokagula. Mawu akuti HD Ready, amene amapezeka kwambiri pa TV za mainchesi 32, kawirikawiri amatanthauza 1366 ndi 768, osati 1080. Pa TV yaing'ono choncho si tchimo, bola musalipire mtengo wa Full HD. Timaprojekita totchipa tolembedwa kuti timalandira 1080p nthawi zambiri timangolandira, koma potulutsa timatsitsa mpaka 720 kapena 480. Funsani nambala yeniyeni ya timadontho take. Ndipo pitani ndi fulashi yanu yokhala ndi filimu imene mukuidziwa bwino, muione pa TV imene mukufunayo musanapereke ndalama.

Kenako masetingi a TV. Zambiri zimabwera zili pa Vivid kapena Dynamic kuti ziwale pakati pa zinzake m'sitolo, ndipo nkhope za anthu zimafiira ngati apsa ndi dzuwa. Sankhani Movie, Cinema kapena Filmmaker Mode ngati ilipo. Poyamba chithunzi chioneka chachikasu pang'ono, koma maso azolowera pakapita masiku ochepa. Tsitsani Sharpness, chifukwa siwonjezera chilichonse, imangojambula mizere yoyera m'mphepete mwa zinthu ndi kukulitsa timabokosi tija. Zimitsaninso chosalalitsa mayendedwe, chimene Samsung imachitcha Auto Motion Plus, LG TruMotion, Sony Motionflow. Mafilimu amajambulidwa zithunzi 24 pa sekondi, ndipo chinthu chimenechi chimapeka zithunzi zina pakati, filimu n'kumaoneka ngati kanema wa paukwati. Pa mpira mukhoza kuchisiya. Mizere yakuda ya pamwamba ndi pansi ilekeni, si vuto. Mafilimu ambiri ndi otambalala kuposa TV, ndipo mukadina Zoom mukudula m'mbali n'kufutukula chithunzi, chimbuuzi chija n'kubwereranso.

Za mawu sindichulutsa. TV yopyapyala ilibe malo a masipika abwino, ndiye ngati muli ndi wufa kale, ilumikizeni. Mukadzagula soundbar, sipika yaitali yoika pansi pa TV, onani kuti ili ndi bowo la HDMI ARC kuti rimoti ya TV izikweza ndi kutsitsa mawu.

Chimene simunafunse koma ndichinena ndi magetsi. TV zamakonozi sizipirira ngati zakale, ndipo nthawi yoopsa ndi pamene magetsi akubwerera atathima. Gulani kachipangizo kotetezera kaja kamene kamadikira kanthawi kasanalole magetsi kudutsa, ndipo TV, dikoda ndi puleya zonse zidutsire pamenepo. M'nyengo yamvula mphezi ikhoza kulowera pa chingwe cha dishi n'kudutsa m'dikoda mpaka kukaotcha bowo la HDMI pa TV. Kukayamba kugunda, zulani pulagi ndi chingwe cha dishi chomwe.

Alamu anuwo musawakhumudwitse, mtima wawo ndi wabwino. Koma TV yokwera basi kuchokera ku Johannesburg imadutsa m'manja ambiri, pachipata pali msonkho wa MRA, ndipo ikavuta waranti yake mukaitsatira komweko. Apempheni m'malo mwake puleya ya Blu-ray ya chigawo B ndi zimbale zingapo zimene banja lanu lingakonde, zonse zimakwana m'chikwama. Muwakumbutsenso kuti mapulagi a kumeneko ndi a mano obulungira pamene masoketi athu ndi a mano atatu amakona, choncho aikemo adaputa kapena mudzasinthe pulagiyo ikafika. Chingwe cha HDMI chokha gulani konkuno mawa, muyese dikoda pa tchanelo cha HD, kenako mundilembere zimene mwaona.