Matayala aakulu pa Revo 3.3: mphamvu ibwezeni ndi magiya, needle muisiye kaye

Achimwene, funso lanu ndalimva chonchi: Revo 3.3 yanu, galimoto yaing'ono ya remote ya kampani ya Traxxas yoyendera mafuta a nitro, inali ndi matayala a 160mm, mwaika a 180mm, ndiye pano ikunyamuka mwaulesi, ikalowa mu udzu wautali kapena pa kachitunda injini imachita ngati ikutsamwa, giya yachiwiri ikuchedwa kulowa, mutu wa injini ukutenthanso kuposa kale. Mwati mumayendetsera ku Johannesburg. Ena akuti mutseke pang'ono high-speed needle, sikuluwu ya pa kabuleta yosinthira kuchuluka kwa mafuta pa liwiro lalikulu, kuti injini ilire mwaukali. Chonde musayambire pamenepo. Injini yomwe yalemedwa kale ndi katundu mukaimananso mafuta, imathamanga bwino thanki imodzi kapena ziwiri, kenako pisitoni ndi sleeve zimatha. Oilo wa injini ya nitro ali m'mafuta momwemo, ndiye kuchepetsa mafuta ndi kuchepetsanso oilo.

Injini yanu sinafooke. Torque, mphamvu yozunguliza, yomwe ikufika pa ekiselo ndi yomweyo ya kale, koma tayala likakula, mtunda wochoka pakati pa wilo kufika pansi umatalika, ndipo mphamvu yokankha nthaka imachepa molingana ndi kukulako. Gawani 160 ndi 180, mupeza 0.89. Ndiye kuti mwataya pafupifupi 11% musanawerengere kulemera kwa matayalawo. Zili ngati munthu wokwera chitunda pa njinga tcheni chili pa giya yolemera: miyendo ndi yomweyo, chofunika n'kutsitsa giya basi.

Revo 3.3 imabwera ndi clutch bell (giya yaing'ono ya pa injini) ya mano 15 ndi spur gear (giya yaikulu ya pa giyabokosi) ya mano 38. Gawani 38 ndi 15, yankho ndi 2.53. Kuti galimoto ibwerere mmene inkanyamukira kale, chulukitsani 2.53 ndi 180, mugawe ndi 160, mupeza 2.85. Tsono onani zomwe zilipo. Bell ya 15 ndi spur ya 40 zimapereka 2.67, kuwonjezera 5% yokha. Bell ya 14 ndi spur ya 38 ndi 2.71, pafupifupi 7%. Bell ya 14 ndi spur ya 40 ndi 2.86, ndipo apa ndi pomwe mukufuna. Dzino limodzi pa bell limasintha zambiri kuposa mano awiri pa spur, ndiye ngati ndalama ikukwanira chinthu chimodzi, gulani bell ya 14 kaye. Liwiro la pamwamba musadandaule nalo, tayala lalikulu likubweza zomwe giya yachotsa. Nthawi zambiri galimoto imathamanga kuposa mmene ikuchitira panopa, chifukwa injini imatha kufika pa ma rev ake onse.

Pogula onetsetsani kukula kwa mano. Magiya a Revo ndi a Mod 1, pomwe a T-Maxx 3.3, galimoto ina ya Traxxas, ndi a 0.8. Pachithunzi amaoneka ofanana, koma mukawaphatikiza spur imatha pa mphindi zochepa.

Pomanga, masulani masikuluwu ogwira injini, dulani kapepala ka mu kope, mukaike pakati pa bell ndi spur, kankhirani injini mpaka mano agwire pepalalo bwino, mangani masikuluwu mutapaka threadlock ya buluu (mankhwala oletsa masikuluwu kumasuka), kenako zungulizani spur kuti pepala lituluke. Gwirani bell ndi chala, mugwedeze spur: pazimveka kakusewera kakang'ono kwambiri. Yesani malo anayi kuzungulira giyayo, chifukwa spur ya pulasitiki siikhala yozungulira ndendende. Mano akathinana amadya mphamvu yomwe mukuifunayo ndi kutentha mabeling'i a bell. Akatalikirana, nsonga za mano zimametedwa tsiku lomwe mwatera kuchoka m'mwamba muli pa throttle.

Musanatseke, yang'anani slipper clutch, kachipangizo ka pa spur komwe kamaterera katundu akachuluka. Matayala olemera amaipangitsa kuterera ngakhale inali bwino kale, ndipo zizindikiro zake zimasokoneza anthu ambiri: injini ikulira kwambiri koma galimoto ikungokwawa. Jambulani mzere ndi marker kuchoka pa spur kufika pa chimbale cha slipper, nyamukani mwamphamvu katatu pa udzu, muone. Mzere ukasiyana pang'ono palibe vuto, ukasowana kutali ndiye ikuterera. Mangani nati mpaka sipuling'i itsekeke yonse, osakakamiza, kenako bwezani kota kapena theka la kuzungulira kumodzi. Musaimange kotheratu. Slipper ndi yomwe imapulumutsa ma diff (magiya ogawa mphamvu ku mawilo) ndi ma shaft, ndipo ndi matayala a 180mm ntchito yake yakula.

Kilatchi ya pa injini ndi pomwe ambiri amataya mphamvu osadziwa. TRX 3.3, injini ya mu Revo, ndi ya 3.3cc yokha, ndipo injini zazing'ono chonchi zilibe mphamvu pa ma rev otsika. Kilatchi ikagwira msanga, injini imasenzetsedwa galimoto yonse isanafike pomwe mphamvu yake ili, n'chifukwa chake mumamva kulira kwa "boooo" kenako n'kuyamba kudzuka patapita mamita angapo. Chotsani bell muone ma shoe, tizidutswa ta kilatchi tomwe timatseguka n'kugwira mkati mwa bell. Sipuling'i ikatopa ndi kutentha imafewa, ma shoe amatseguka msanga, ndipo mumazindikira poona galimoto ikufuna kuyenda yokha pa idle. Ikani yatsopano. Ma shoe akakhala onyezimira ngati galasi ndiye kuti apsa, apaleni pang'ono ndi sandpaper ya 400, mkati mwa bell mupukute ndi methylated spirit mpaka nsalu izituluka yoyera. Mafuta otuluka mu beling'i ya bell amakonda kulowa mmenemo, ndiye ngati mabeling'iwo akumveka mchenga powazunguliza, asintheni nthawi yomweyo, ndi otchipa.

Mukafuna kupitirira apo, pali makilatchi a ma shoe atatu omwe shoe iliyonse ili ndi sipuling'i yake, ndipo amafuna flywheel yawoyawo. Masipuling'i amabwera a 0.9, 1.0 ndi 1.1mm. Wonenepa amachedwetsa kugwira, injini imayamba yakwera ma rev, galimoto n'kunyamuka mwaukali. Pa matayala anuwo ine ndingayambire 1.0mm. Ya 1.1mm imakoma pa bwalo lotseguka, koma ngati mumakonda kuyenda pang'onopang'ono m'miyala, kilatchi imangoterera, bell imasanduka ya buluu ndi kutentha. Ma shoe a aluminiyamu amaluma kwambiri kuposa a pulasitiki, koma m'mphepete mwake mumatuluka tizitsulo tofunika kupala ndi fayilo pafupipafupi, apo ayi amakanirira osabwerera.

Giya yachiwiri nayo muikonze mutasintha bell. Pa giyabokosi pali kachivindikiro ka labala. Kachotseni, zungulizani spur mpaka kasikuluwu kosinthira kaoneke, mulowetse allen key ya 2mm. Kupotoza kumanja kumachedwetsa kusintha giya, kumanzere kumafulumizitsa. Yendani 1/8 ya kuzungulira pa ulendo uliwonse. Ndi matayala olemera ndi bwino giya yoyamba ikokeko ndithu, chifukwa ikasintha msanga ma rev amagwa ndipo injini imavutika kuwakwezanso. Ngati ikugwabe ngakhale mwachedwetsa, Traxxas ili ndi magiya a close ratio a Revo omwe amachepetsa mpata pakati pa giya yoyamba ndi yachiwiri.

Tsopano matayala enieniwo. Ayezeni pa sikelo ya kukhitchini, lakale ndi latsopano, limodzilimodzi. Kulemera komwe kuli kunja kwa tayala n'koipa kuposa komwe kuli pa chassis, popeza injini iyenera kukukankha kupita kutsogolo komanso kukuzunguliza. Ngati tayala limodzi likulemera kuposa anzake, siponji ya mkati yamwa madzi. Boolani timabowo tiwiri ta 2 kapena 3mm pakati pa mapazi a tayala, moyang'anana, kuti madzi azituluka likamazungulira, ndipo mabowo a pa wilo muwatseke ndi tepi. Matayala ofewa amafufumanso pa liwiro, 180mm n'kukhala yoposa pamenepo, giya yanu n'kulemeranso. Amene sanamate matayala awo angathe kuwatembenuza n'kuzunguliza tepi yolimba kawiri mkati. Onaninso kuti tayala silikukhudza bodi mukakhota kapena ma shock akapanikizika.

Pali zinthu zina zosalira ndalama zomwe muyenera kuona injini ili chizimire. Kankhani galimoto pansi posalala. Iziyenda yokha patali, ikaima msanga ndiye kuti buleki ikugwira kapena beling'i ya wilo yafa. Chotsani air filter, yatsani remote, kokani throttle mpaka kumapeto, musuzumire mu kabuleta. Slide, kachitseko ka mpweya ka mu kabuleta, izitseguka yonse. Magalimoto ambiri amene eni ake amadandaula mphamvu amakhala akutsegula magawo atatu mwa anayi okha chifukwa linkage inasuntha kapena end point ya pa remote, malire a pomwe throttle imafika, inatsitsidwa. Filter muitsuke ndi kuipaka oilo wake pakatha ola limodzi loyendetsa, m'fumbi la chilimwe musadikire n'komwe ola. Kenako zungulizani flywheel ndi chala injini itazizira, muzimva kulimba pisitoni ikafika pamwamba. Ikangodutsa mofewa, ndipo injini imazima ikatentha n'kukana kulira mpaka izizire, compression yatha. Pamenepo palibe giya kapena needle yomwe ingathandize, gulani pisitoni ndi sleeve, ndi conrod yomwe.

Zonsezi zikatheka ndiye mwafika pa needle. Ngati mwaipotoza kale kambirimbiri, bwererani poyambira: high-speed needle itsekeni mofatsa mpaka iime, muitsegule maulendo anayi athunthu, low-speed needle, yosinthira mafuta pa ma rev otsika, ikhale yofanana ndi m'mphepete mwa slide, mpata wa idle ukhale 0.7 mpaka 1mm. Tenthetsani injini poiyendetsa, osatchuna ili yozizira. Yambani ndi high-speed, kutseka 1/16 ya kuzungulira, kuthamanga mtunda wautali kawiri, n'kutsekanso. Mukafika pomwe liwiro lasiya kuwonjezeka, bwezani 1/8. Utsi wa buluu uzioneka kumbuyo nthawi zonse muli pa throttle yonse. Yezani kutentha pa glow plug, pulagi ya pa mutu wa injini, ndi temp gun, choyezera kutentha. Traxxas imati musapitirire 270°F, yomwe ndi 132°C.

Kunyamuka kwa galimoto kuli mu low-speed needle, ndipo iyi ndiyo ikukhudza funso lanu kwambiri. Injini itatentha ili pa idle, tsinani paipi ya mafuta pafupi ndi kabuleta. Iyenera kulira masekondi awiri kapena atatu, ikweze mawu, kenako izime. Ikapitirira masekondi anayi, mafuta achuluka, ndipo muona kuti ponyamuka imachita phwaphwaphwa ndi utsi wambiri. Tsekani 1/16. Ikazima nthawi yomweyo osakweza mawu, mafuta achepa, tsegulani. Idle ikamakwera ndi kutsika yokha ngakhale mutchune bwanji, mpweya ukulowera pena: onani paipi ya mafuta ngati yang'ambika, khosi la kabuleta, backplate (chivindikiro cha kumbuyo kwa injini) ndi labala wa pa chivindikiro cha thanki.

Nkhani ya Johannesburg siyaing'ono. Mzindawu uli pa mamita pafupifupi 1,750 kuchoka pa nyanja, ndipo injini imataya pafupifupi 3% ya mphamvu pa mamita 300 aliwonse chifukwa mpweya ndi wopepuka. Ndiye inu mwayamba kale ndi injini yochepa mphamvu ndi 17% kapena kuyandikira apo poyerekeza ndi mnzanu wa ku Durban. A ku Lilongwe ndi Blantyre, pa mamita opitirira 1,000 pang'ono, akutaya cha m'ma 10%. Makanema amene mumaona Revo ikuimika mawilo akutsogolo ndi matayala aakulu musamadziyerekeze nawo musanadziwe komwe anajambulira. Kumtunda chonchi needle imafuna kutsekedwa pang'ono kuposa kunyanja, ndipo mukapita nayo kunyanja muitsegule musanailize. Mafuta a nitro wochuluka amathandizadi kumtunda, chifukwa nitromethane ali ndi okosijeni mwa iye yekha. Ngati muli pa 20%, kukwera kufika 25 kapena 30% kumamveka ponyamuka. Tsegulani high-speed needle kota ya kuzungulira musanayambe, mutchunenso kuyambira pamenepo. Glow plug ikamapsa pafupipafupi kapena pamutu pa pisitoni pakaoneka tokumbika, moto ukuyaka msanga, ikani pulagi yozizirirapo kapena shim (kachitsulo kopyapyala) ya 0.1mm pansi pa mutu wa injini.

Mphamvu ikabwerera, konzekerani zomwe zimatsatira. Ma shaft a pulasitiki amapotoka, mano a ring ndi pinion mu diff amathyoka makamaka mukatera muli pa throttle, ndiye zolowerani kusiya throttle mawilo asanagunde pansi. Oilo wa diff wa fakitale ndi wa 30,000 (nambala ikakula, oilo amakhala wolimba). Kuika 50,000 kutsogolo kumachepetsa kuthawira kwa mphamvu ku wilo lomwe lanyamuka m'mwamba, ngakhale galimoto imakhota motalikirapo. Manati a mawilo muziwaona thanki iliyonse, hex, pomwe wilo limakhalapo, ikangosewera pang'ono imadya wilo mkati.

Za kugula injini yaikulupo ya .21 kapena .28 zomwe mwafunsa kumapeto, pa 180mm sizikufunika. Injini zimenezo zimafuna mount ina, flywheel, header ndi paipi ya ekisozi zina, ndipo zimathyola ma diff omwe 3.3 sikanawathyola. Muziganizire pokhapokha mutapitirira 190mm, pomwe 14 ndi 40 sizingakwanitsenso kubweza zomwe tayala latenga. Mukaika bell ndi spur, tilembereni kulemera kwa tayala limodzi ndi kutentha komwe mukupeza pakatha thanki yathunthu, tione ngati kilatchi ikufunika kusintha.