Kodi "mafuta a m'bondo atha" ndi Chichewa cholondola?

Funso: Mayi anga, a zaka 62, anajambulidwa bondo kuchipatala, ndipo achimwene akungouza anthu kuti "mafuta a m'bondo atha". Ndikufuna kulembera abale uthenga womveka. Ndilembe bwanji?

Yankho: Achimwene anuwo sanaphwanye lamulo la chiyankhulo, koma mawuwo amasocheretsa. Pa nthenda imene anthu amaitchula choncho, yomwe ndi mtundu wina wa nyamakazi, timadzi toterera ta m'bondo sitiuma ayi, ndipo bondo likatupa nthawi zambiri ndiye kuti tachuluka. Chimene chimatha ndi chicherewecherewe, chija chosalala chimene chimakuta nsonga za mafupa kuti asamakhulane. Mneni woyenera ndi kudyeka kapena kuperepeseka, monga timanenera za chidendene cha nsapato. Lembani kuti, "Chicherewecherewe cha m'bondo la amayi chaperepeseka."

Samalaninso ndi mneni kuona. Musati dokotala wachiona pa X-ray, chifukwa pa chithunzi chimenechi chicherewecherewe sichioneka. Iye amayang'ana mpata wa pakati pa mafupa ngati wachepa, ndi timafupa tosongoka tomera m'mbali, n'chifukwa chake wodwala amajambulidwa ali chiimire kuti thupi litsamire pa bondolo. Ngati papepala palembedwa nambala, kawirikawiri imakhala ya muyezo wa Kellgren ndi Lawrence wa mu 1957, woyambira pa 0 kulekeza pa 4. Pa 4 mpata uja umakhala utatsala pang'ono kutsekeka kapena utatsekekeratu. Makina a MRI ndi amene amachionetsa chicherewecherewecho, ngakhale si odwala onse ofunika kupita kumeneko.

Funso: Nanga kungoti "ali ndi nyamakazi" sikukwanira?

Yankho: Pocheza kumakwanira, koma kwa dokotala ayi. Nyamakazi ndi dzina la mtundu wonse. Ya kuperepeseka imakonda anthu a zaka 45 kupita m'tsogolo, imapweteka munthu akayenda kapena kukwera masitepe, ndipo kuuma kwa m'mawa kumatha pasanadutse mphindi 30. Ilipo ina imene chitetezo cha m'thupi chimaukira mfundo zake zomwe. Iyi imatupitsa zala za manja onse awiri ndipo munthu amakhala atauma ola lathunthu kapena kuposa. Ine ndimakonda kuti "nyamakazi yoperepesa mfundo" ndi "nyamakazi yotupitsa mfundo". Mayinawa ndi ongofotokozera, si okhazikika, koma womva sasokonezeka nawo.

Funso: Zambiri za bondo ndi mabondo kapena maondo?

Yankho: Onse mudzawamva, ndipo ena amalemba mawondo. Polemba ine ndimasankha maondo. Mayina ambiri a gulu la li-ma amafewetsa liwu loyamba akachuluka: phiri, mapiri; khasu, makasu; tsamba, masamba. Bondo lili m'gulu lomwelo. Chachikulu n'chakuti mu uthenga umodzi musasakanize.