Kuwerenga Sewero Kuli ndi Njira Yake

Wowerenga wina amene wangoyamba kumene maphunziro a zisudzo wanditumizira imelo. Akuti akatsegula buku la sewero amangoona mayina a atengambali ndi zimene akuyankhulana. Amawerenga ndithu mpaka kumapeto, koma aphunzitsi akati alizukute, mutu umaima. Akufunsa kuti ayambire pati.

Musadzione ngati wolephera, vutoli limachokera m'kalembedwe ka sewero. Wolemba nthano amatha kukuuzani zimene munthu akuganiza mumtima. Wolemba sewero alibe mwayi umenewo. Amapereka mawu otuluka pakamwa ndi malangizo ochepa a zochitika pabwalo, zotsalazo amasiyira ochita sewero. Ndiye mukamawerenga nokha, ntchito ya ochita seweroyo yagwera inu.

Ulendo woyamba werengani lonse nthawi imodzi, cholembera chili pansi. Sewero analilemba kuti anthu alionere pakukhala kumodzi, choncho kulidula zidutswa sabata yathunthu kumakubisirani liwiro lake. Ulendo wachiwiri ndi pamene pali ntchito, ndipo funso loti muzinyamula tsamba lililonse ndi ili: munthu ameneyu akufuna chiyani kwa mnzakeyo pakadali pano, ndipo akuchita chiyani kuti achipeze? Constantin Stanislavski, mmodzi mwa amene anayambitsa gulu la zisudzo la ku Russia lotchedwa Moscow Art Theatre mu 1898, ankaphunzitsa ochita sewero kufunsa chimodzimodzi. Ankawauzanso kuti ayambe atola zonse zimene wolemba wapereka kale: malo, nthawi, chibale cha anthuwo, ndi zimene zinachitika sewero lisanayambe.

Tiyeni tione pafupi. A Doll's House, sewero la Henrik Ibsen la mu 1879, limayamba Nora akulowa m'nyumba atanyamula katundu wa Khirisimasi. Akutulutsa timabisiketi totsekemera m'thumba, akudya, akunyang'ama kupita pachitseko cha mwamuna wake kukamvetsera ngati alimo. Mwamunayo, Torvald, asanatuluke, Nora akubisa kathumbako n'kupukuta pakamwa. Pambuyo pake Torvald akumufunsa ngati wadya zotsekemera, iye akukana. Wowerenga wothamanga amadumpha zimenezi poti zambiri zili m'malangizo. Komatu apa Ibsen wakuuzani kale kuti m'banja lino mkazi amabisa zinthu, ndipo mwamuna amamulondalonda ngati mwana. Mukadzamva kuti Nora anabwereka ndalama mwachinsinsi atasaina dzina la bambo ake mwachinyengo, mudzaona kuti bodza lalikululi munalikonzekera ndi bodza laling'ono lija.

Kwa ine, kuzukuta ndi kumeneku. Ophunzira ambiri amathamangira kufunsa kuti phunziro la seweroli n'chiyani, n'kulemba kuti likunena za ufulu wa amayi. N'zoona, koma aliyense angalembe zimenezo ngakhale asanatsegule bukulo. Aristotle, katswiri wa nzeru wakale wa ku Greece, pa zigawo 6 za sewero lomvetsa chisoni zimene anatchula, anaika tsatanetsatane wa zochitika patsogolo pa zonse, ngakhale pa khalidwe la atengambali. Yambani ndi zimene zikuchitika, phunzirolo lidzatuluka muli ndi umboni m'manja.

Njira ina imene ndimaikonda kwambiri ndi kuwerenga chobwerera m'mbuyo. Imani pamapeto, mufunse kuti chachititsa zimenezi n'chiyani, ndipo chachititsa chimenecho n'chiyani, mpaka mufike patsamba loyamba. Mukatero mumaona msanga pamene pali pakaindeinde penipeni, komanso zigawo zimene zikanachotsedwa nkhani ikanagwa.

Muzichonganso malo alionse pamene munthu walowa kapena watuluka, chifukwa zoyankhula zimasintha malinga ndi amene akumva. Musaiwale munthu amene ali pabwalo koma wakhala chete masamba atatu. M'buku amasowa, pamene oonera akumuyang'anabe nthawi yonseyo. Za malangizo, alembi amasiyana. Shakespeare ali nawo ochepa kwambiri, moti nthawi ndi malo mumazitola m'mawu a atengambali, pamene George Bernard Shaw amatha kudzaza tsamba kufotokoza chipinda chimodzi.

Kenako pezani anzanu awiri kapena atatu, mugawane mbali, muwerenge chigawo chimodzi mokweza mutaimirira. Pamene mnzanu wanena mzere mwaukali inu mumaumva mwachikondi, imani pomwepo, mubwerere m'mawu a wolembayo kukasaka umboni wa aliyense wa inu. Zimene mupeze pamkangano umenewo ndi zimene muyambire kulemba ntchito imene aphunzitsi akupatsani.