Ma black hole adikire kaye, tiyambe ndi sola ya padenga

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina amene ali chaka chachitatu cha fizikisi pa yunivesite ina konkuno. Akufuna kuyamba kafukufuku wakewake moyang'aniridwa ndi mphunzitsi, ndipo mtima wake uli pa ma black hole, malo a m'mlengalenga amene mphamvu yake yokoka zinthu ndi yaikulu moti ngakhale kuwala sikungatulukemo. Atapita ku ofesi ya lekichala wina anangouzidwa kuti "zimenezo n'zazikulu, kaganizeninso." Labu yawo nayo ilibe zida zokwanira. Akufunsa ngati kuli bwino angodikira pulojekiti ya chaka chomaliza, n'kulandira mutu uliwonse umene angapatsidwe.

Achemwali, musadikire. Komanso aphunzitsi aja sanakunyozeni, anangofupikitsa mawu. Kuti munthu anene chatsopano pa ma black hole ayenera kuyamba wadziwa masamu a chiphunzitso cha mphamvu yokoka zinthu chimene Albert Einstein anatulutsa mu 1915, ndipo semesita imodzi imatha musanafike pakati. Mapeto ake mumangosonkhanitsa zolemba za ena n'kuzitcha kafukufuku. Njira ina ilipo ndithu: makina a LIGO ku America anagwira mafunde ochokera ku ma black hole awiri ogundana pa 14 Sepitembala 2015, ndipo manambala ake ali pa intaneti kwaulere. Ngati mumadziwa Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a pakompyuta, ndipo pali mphunzitsi amene angakuperekezeni, yesani. Koma ine mtima wanga uli pa funso loti mukhoza kuliyeza ndi manja anu.

Tatengani sola. Kuseri kwa panelo iliyonse kuli kapepala konena mawati ake, koma nambala imeneyo inayezedwa panelo ili pa madigiri 25, kuwala kuli mawati 1,000 pa sikweya mita imodzi. Pamalata mwezi wa Okutobala panelo imatentha moti simungaikepo dzanja nthawi yaitali, ndipo panelo ya silicon imataya pafupifupi 0.4 peresenti ya mphamvu yake pa digiri iliyonse yoonjezera. Ndiye pali fumbi la m'chilimwe. Funso lanu likhoza kukhala lakuti: panelo ikatha milungu itatu osapukutidwa, imataya mphamvu yochuluka bwanji poyerekeza ndi inzake yopukutidwa m'mawa uliwonse? Zofunika ndi mapanelo awiri aang'ono, multimeter (choyezera magetsi), resistor (kachida kochepetsa karenti), choyezera kutentha ndi kope.

Likuoneka lophweka, eti? Pamene mudzayambe mudzapeza kuti mapanelo awiri ogulidwa tsiku limodzi m'sitolo imodzi satulutsa mphamvu yofanana ndendende. Choncho masiku oyambirira mudzayeza onse ali oyera, kuti mudziwe kusiyana kwawo kwachibadwa. Kenako mudzadabwa kuti panelo ikatentha volteji imatsika, pomwe fumbi likatchinga kuwala chimene chimatsika kwambiri ndi karenti. Kulekanitsa ziwirizi ndiye fizikisi yake, ndipo palibe buku limene lili ndi yankho la denga lanulo.

Za kope ndilankhule mwa zimene zinandionekera. Pa pulojekiti yanga ndinkalemba manambala pa timapepala, n'kumati ndidzakopera bwino madzulo. Tsiku lina supavaiza wanga analoza nambala imodzi imene inatumphuka kuposa zinzake, nandifunsa kuti, "Iyi munayeza nthawi yanji, ndipo kunja kunali bwanji?" Ndinangoti kukamwa yasa. Titafufuza tinapeza kuti batire ya multimeter inali itafooka, koma sindinkadziwa kuti vutolo linayamba liti chifukwa ena mwa mapepalawo analibe deti. Ntchito ya milungu iwiri inapita m'dzala. Lembani deti, ola, mitambo, chida chimene mwagwiritsa ntchito, ngakhale zimene mwalakwitsa. Musang'ambe tsamba. Jocelyn Bell anali wophunzira wa digiri ya PhD pa yunivesite ya Cambridge mu 1967 pamene anaona kachizindikiro kachilendo pa mapepala aataliatali a telesikopu ya wailesi, nakumbukira kuti anakaonapo kale kuchokera mbali yomweyo ya thambo. Umo ndi m'mene nyenyezi zotchedwa pulsar zinadziwikira.

Tsono za supavaiza. Mawu oti kafukufuku woima payekha asakupusitseni kuti muzigwira nokha. Pamene Margaret MacVicar, yemwe anali katswiri wa fizikisi, ankayambitsa pulogalamu ya kafukufuku yotchedwa UROP pa yunivesite ya MIT ku America mu 1969, cholinga chinali choti ophunzira a digiri yoyamba azigwira ntchito yeniyeni limodzi ndi aphunzitsi awo. Inu mumanyamula funso, iwo amakuuzani pamene mwasochera. Sankhani amene ali ndi nthawi, osati amene ali ndi dzina lalikulu. Pulofesa amene mwezi uno ali ku msonkhano ku Nairobi, mwezi wamawa ku Cape Town, adzakusainirani fomu basi. Lekichala wachinyamata amene angakupatseni theka la ola Lachitatu lililonse ndi amene mukumufuna. Ndipo musaiwale bambo kapena mayi oyang'anira labu. Amenewo ndi amene amadziwa multimeter yonama ndi yonena zoona, ndiponso makiyi amakhala ndi iwo.

Mugwirizanenso poyambirira, mwaulemu koma momveka, kuti ntchitoyo ikadzasindikizidwa dzina la ndani lidzakhala patsogolo. Mphotho ya Nobel ya 1974 yokhudza ma pulsar inapita kwa Antony Hewish, supavaiza wa Bell, osati kwa Bell mwiniwake, ndipo anthu akadakambiranabe nkhaniyi mpaka lero.

Bwererani kwa aphunzitsi omwe aja Lolemba likudzali, mutanyamula tsamba limodzi lokha. Palembedwe funso lanu m'chiganizo chimodzi, chimene mudzayeze, zida zimene muli nazo kale, zimene mukupempha ku labu, ndi tsiku limene mukufuna kumaliza. Ngati ndi za fumbi, fulumirani, chifukwa mvula ikayamba mu Novembala idzatsuka mapanelo onse awiri ndipo mudzadikira chaka chamawa.